Phoenix, Mzinda wa M'chipululu Umene Eni Ake Safuna Kuusiya

Phoenix ndi likulu la chigawo cha Arizona, kum'mwera chakumadzulo kwa dziko la United States. Mzindawu unamangidwa m'chigwa chachikulu cha mtsinje wa Salt, mkati mwa chipululu cha Sonoran, ndipo pa mizinda ikuluikulu ya dzikolo palibe wina wotentha kuposa uwu. Pa 26 Juni 1990 kunatentha mpaka madigiri 50, moti ndege zina zinaimitsidwa kaye pa bwalo la Sky Harbor. Mu 2023 panadutsa masiku 31 otsatizana kukutentha madigiri 43 kapena kuposerapo. Mvula ya chaka chonse imangokwana mamilimita pafupifupi 180, pomwe ku Lilongwe imagwa yochuluka kuposa pamenepo kanayi.

Ngakhale zili choncho, anthu akukhamukirabe kumeneko. Mu 1940 mumzindawu munali anthu pafupifupi 65,000. Kalembera wa 2020 anapeza anthu oposa 1.6 miliyoni, zimene zinauika pa nambala 5 pa mizinda ya anthu ambiri m'dzikolo. Kuphatikiza matauni olumikizana nawo monga Mesa, Scottsdale, Tempe, Chandler ndi Glendale, chiwerengerocho chinayandikira 5 miliyoni. Ambiri mwa anthuwa sanabadwire ku Arizona. Anachita kusankha malowa, n'kulongedza katundu, n'kupita. Zimene amawakondera zimayambira pa mmene chaka cha kumeneko chimayendera.

Nyengo yozizira ya dzuwa lokhalokha

Arizona ili kumpoto kwa dziko lapansi, choncho nyengo zake zimasemphana ndi za kum'mwera kwa Africa. Dzuwa limakula kuyambira Meyi mpaka Seputembala, ndipo miyezi yozizira ndi Disembala ndi Januwale. Koma kuzizira kwake n'kofatsa. Mu Januwale masana kumafunda madigiri pafupifupi 20, usiku n'kutsika kufika cha m'ma 7. Masiku ambiri kumwamba kumakhala kuli ngwee, kopanda ndi kamtambo komwe, ndipo pachaka dzuwa limawala maola oposa 3,800. Kuyambira chakumapeto kwa Okutobala mpaka Epulo moyo wonse umatulukira panja: anthu amadyera pakhonde, maukwati amachitikira pabwalo, ana amamenya mpira tsiku la Khrisimasi atavala makabudula.

Ubwino wa zimenezi umamveka munthu akadziwa kumene anthu ambiri a mumzindawu anachokera. Ku Chicago, ku Minneapolis, ku Detroit ndi m'madera ambiri a Canada, miyezi yomweyo chipale chofewa chimatseka misewu. Munthu amadzuka kukali mdima n'kuyamba kuchikokolola pakhomo ndi fosholo kuti galimoto ituluke. Misewu imaterera, okalamba amagwa n'kuthyoka, ndipo mchere umene amathira mumsewu kuti chipale chisungunuke umadya zitsulo za galimoto. Wosamukira ku Phoenix amatsanzikana nazo zonsezi. Galimoto zakale za ku Arizona zimafunidwa m'dziko lonselo chifukwa sizichita dzimbiri.

Pali gulu lina limene limabwera m'nyengo yokhayi, makamaka anthu opuma pantchito a ku Canada ndi a m'zigawo zakumpoto. Eni mzinda amawatcha snowbirds. Amafika cha mu Novembala, n'kubwerera kwawo dzuwa likayamba kukula. Ena amatopa ndi ulendo wa chaka ndi chaka n'kukhazikika. Pa 1 Januwale 1960 kampani ya Del Webb inatsegula Sun City, tauni yomangidwira okalamba okhaokha kumpoto chakumadzulo kwa mzindawu, ndipo m'masiku oyambirirawo kunabwera anthu pafupifupi 100,000 kudzaona nyumba. Kale kwambiri zimenezi zisanachitike, madokotala ankatumiza ku chigwachi odwala chifuwa chachikulu kuti akapume mpweya wouma. Dera la Sunnyslope linayamba ngati misasa ya odwala oterewa. Mpaka lero okalamba ambiri odwala nyamakazi amanena kuti mafupa awo sawawa kwambiri kuno monga ankachitira kwawo kozizira.

Masewera nawonso amatsatira nyengoyi. Mu Febuluwale ndi Malichi matimu 15 a ligi yaikulu ya baseball amadzachitira zokonzekera zawo m'chigwachi, pa mpikisano wotchedwa Cactus League, ndipo mabanja amakaonera atakhala pa kapinga. Mabwalo a gofu alipo pafupifupi 200. Mpikisano wa Phoenix Open umene umachitikira ku Scottsdale ndi umodzi mwa mipikisano ya gofu yokoka khamu lalikulu kwambiri padziko lonse.

Kutentha kouma

Anthu a ku Phoenix akafunsidwa mmene amapiririra miyezi yotentha, amayankha kuti kutentha kwake n'kouma. Yankholi lili ndi maziko. Thupi la munthu limadziziziritsa ndi thukuta, ndipo thukuta limagwira ntchito yake likamauma pakhungu, chifukwa pouma limachoka ndi kutentha. Kumene mpweya uli ndi chinyontho chambiri, monga ku Houston kapena ku Miami, thukuta limangoyenderera osauma, zovala zimamatirira, ndipo ngakhale pamthunzi munthu sapeza mpumulo. Ku Phoenix mu Juni chinyontho cha mumpweya chimatsika kufika pa 10 peresenti kapena kucheperapo. Thukuta limauma lisanaoneke. Zimene zimachitika n'zofanana ndi za mtsuko wadothi, umene umasunga madzi ozizira chifukwa timadzi totuluka m'timabowo take timauma ndi mphepo. N'chifukwa chake mthunzi wa ku Phoenix umakhala wa phindu lenileni, ndipo munthu akatuluka m'dziwe losambiramo kukutentha madigiri 43 amatha kunjenjemera ndi kuzizidwa kwa mphindi zingapo.

Nzeru yomweyi ndiyo inapangitsa kuti m'chigwachi mukhalike anthu. Makina oziziritsa nyumba asanabwere, anthu ankagona pamakonde atapachika nsalu zonyowa kumbali yochokera mphepo, ena n'kudzifunda nazo. M'zaka za m'ma 1930 kunafala bokosi lokhala ndi fani yokoka mpweya kudzera pa zinthu zonyowetsedwa, limene amalitcha swamp cooler. Limadya magetsi ochepa, ndipo m'nyumba zina zakale likugwirabe ntchito. Makina amakono oziziritsa mpweya anafala nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, ndipo chiwerengero cha anthu chinalumpha kuchoka pa 107,000 mu 1950 kufika pa 439,000 mu 1960, ngakhale kuti mbali ina ya kukwerako inadza chifukwa mzinda unafutukula malire ake. Masiku ano malo odyera amamanga timapaipi m'mphepete mwa denga la khonde, timene timapopera madzi osalala ngati nkhungu. Madziwo amauma asanafike pamutu pa munthu, koma amasiya pamalopo pali pozizirirapo.

Kuuma kwa mpweya kuli ndi timaubwino tina timene anthu amazolowera msanga. Zovala zochapa zimauma pa kanthawi kochepa. Makoma sachita nkhungu, mabuku ndi nsapato sizivunda m'kabati, ndipo udzudzu umachepa kwa miyezi yambiri. Mphepo zamkuntho zochokera kunyanja, zimene zimagwetsa nyumba ku Florida ndi ku Louisiana, sizifika kuno ndi mphamvu, ndipo zivomezi zoopsa ngati za ku California sizichitika kawirikawiri. Choopsa cha kutentha koumaku n'chakuti munthu sazindikira kuti madzi akutha m'thupi. Pa chifukwa ichi botolo la madzi silichoka m'manja mwa munthu wa ku Phoenix, ndipo ana amaphunzitsidwa kumwa madzi ludzu lisanawagwire.

M'miyezi yotentha tsiku limayamba m'bandakucha. Omanga nyumba amagwira ntchito kusanache n'kuweruka cha masana. Othamanga, oyendetsa agalu ndi okwera mapiri amatuluka cha m'ma 5 koloko, ena atamanga tochi pamutu. Nthawi imeneyi mpweya umakhala wofatsa, mbalame zikulira, ndipo anthu oyandikana nyumba amapatsana moni mumsewu. Ambiri amanena kuti m'mawa wa chilimwe ndiyo nthawi yokoma kwambiri ya chaka chonse. Masana aliyense amabisala m'nyumba, m'maofesi, m'malaibulale ndi m'masitolo. Dzuwa likalowa moyo umayambiranso: ana amasambira usiku, ndipo munda wa zomera za m'chipululu wa Desert Botanical Garden umatsegula kuti anthu aziyendera ndi matochi. Arizona sisintha mawotchi ake m'chilimwe monga zimachitira zigawo zina za dzikolo, kupatula dera la mtundu wa Navajo. Kusinthako kukanachititsa kuti dzuwa lizilowa mochedwa ndi ola lathunthu, chinthu chimene munthu wa ku Phoenix sangachifune.

Chilimwe chili ndi phindu linanso kwa eni mzinda. Alendo akachoka misewu imapepuka, m'malo odyera mumapezeka mipando, ndipo mahotela apamwamba amene m'nyengo yozizira amakwanitsa ndi olemera okha amatsitsa mitengo kwambiri. Mabanja amalipira chipinda kwa masiku awiri kuti ana akasambire m'maiwe akuluakulu, ulendo wa mphindi zochepa kuchokera kunyumba. Pamakhalanso kamtima ka umodzi pakati pa anthu amene atsala. Onse amadziwa kuwawa kwa chiwongolero cha galimoto imene yakhala padzuwa, onse amasakasaka mthunzi poimika galimoto ngakhale uli kutali ndi khomo la sitolo, ndipo Okutobala akafika, usiku woyamba wotsegula mawindo umakhala nkhani ya mzinda wonse.

Chipululu chobiriwira

Anthu ambiri akamva za chipululu amaganiza za mchenga wokhawokha. Chipululu cha Sonoran sichili choncho. Chimalandira mvula kawiri pachaka, yowaza m'nyengo yozizira ndi yamabingu m'chilimwe, ndipo chifukwa cha ichi chili m'gulu la zipululu zokhala ndi mitundu yambiri ya zomera padziko lonse. Mfumu ya zomerazi ndi saguaro, chomera chaminga chopanda masamba chimene chimaima ngati chipilala chobiriwira. Chimamera mwachilengedwe m'chipululu chokhachi. Chimakula pang'onopang'ono kwambiri, chimatha zaka 50 kapena kuposa chisanatulutse nthambi yoyamba, chimafika mamita 12, ndipo chimakhala ndi moyo zaka 150 mpaka 200. Mvula ikagwa thunthu lake limafufuma ndi madzi, n'kumaphwa pang'onopang'ono m'miyezi ya chilala. Mu Meyi ndi Juni chimachita maluwa oyera amene amatseguka usiku, ndipo mileme, njuchi ndi njiwa ndizo zimanyamula mungu wake. Mbalame zogogoda mitengo zimaboola thunthulo n'kumanga zisa, zikachoka mumalowa akadzidzi aang'ono. Anthu a mtundu wa Tohono O'odham amathyola zipatso zake zofiira ndi mitengo yaitali yopangidwa ku nthiti za saguaro youma, ndipo zokololazi ndizo zimatsegula chaka chawo chatsopano. Malamulo a Arizona amateteza chomerachi, moti munthu sangachizule popanda chilolezo. Kukhala ndi saguaro wamkulu pabwalo ndi chinthu chonyaditsa, ndipo akagwa ndi mphepo a pabanjapo amadandaula ngati aferedwa.

Mu Malichi, mvula ya nyengo yozizira ikakhala kuti inagwa bwino, m'mphepete mwa mapiri mumadzaza maluwa achikasu ndi ofiirira. Mu Epulo mitengo ya palo verde, imene khungwa lake ndi lobiriwira, imachita maluwa achikasu mpaka misewu kuyala ndi tinthu togwa. Nyama nazo zimakhala pakati pa anthu. Zinziri zokhala ndi nthenga yopindika pamutu zimadutsa pabwalo zitatsogolera anapiye awo pamzere. Nkhandwe zotchedwa coyote zimalira usiku m'mphepete mwa matauni, ndipo nyama yooneka ngati nguluwe yaing'ono, javelina, imalowa m'minda ya maluwa. Palinso mlendo wochokera ku Africa: tizinkhwe tobiriwira ta nkhope yofiirira, timene kwawo ndi ku Namibia ndi Angola. Tinathawa m'zikwere za oweta mbalame cha m'ma 1980, tinaswana, ndipo lero timauluka m'magulu mumzindamo, tina n'kumagona m'mabowo a saguaro. Njoka zaululu ndi zinkhanira ziliponso, ndipo anthu amazolowera kukutumula nsapato asanavale.

Chosowa m'mizinda ina yaikulu n'chakuti kuno chipululu chimenechi chili mkati mwa tauni. South Mountain Park ndi malo osungidwa a mahekitala oposa 6,000, amodzi mwa mapaki aakulu kwambiri oyendetsedwa ndi khonsolo ya mzinda m'dzikolo. Phiri la Camelback, la mamita 824, lili pakati pa nyumba za anthu, ndipo pafupi nalo pali Piestewa Peak, phiri lotchedwa dzina la Lori Piestewa, msilikali wamkazi wa mtundu wa Hopi amene anafera ku Iraq mu 2003. Munthu amatha kukwera phiri m'mawa, kutsika, kusamba, n'kukafika kuntchito pa nthawi yake. Madzulo mapiri omwewa amasanduka ofiira, ndipo popeza chigwachi ndi chotambalala komanso nyumba zambiri n'zazifupi, kulowa kwa dzuwa kumaoneka kuchokera paliponse. Katswiri wojambula mapulani a nyumba Frank Lloyd Wright anakopeka ndi kuwala kumeneku, ndipo mu 1937 anayamba kumanga Taliesin West ku Scottsdale ndi miyala yotola pamalo pomwepo. Mu 2019 bungwe la UNESCO linaika nyumbayi pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse.

Mvula ya chilimwe

Palibe chimene anthu a ku Phoenix amachiyembekezera ngati mvula ya chilimwe, imene amaitcha monsoon. Nyengo yake imawerengedwa kuyambira pa 15 Juni mpaka pa 30 Seputembala, koma kawirikawiri imayamba mu Julayi, mphepo ikatembenuka n'kuyamba kubweretsa chinyontho kuchokera ku Mexico. Masana mitambo imaunjikana pamwamba pa mapiri a kum'mawa ndi kumpoto. Anthu amaiyang'anitsitsa, amafunsana ngati ifike, ndipo masiku ambiri imangoopseza n'kubalalika. Tsiku limene yatsimikiza, mphepo yozizira imatsogola. Nthawi zina mphepoyi imanyamula fumbi la m'chipululu n'kupanga chikhoma chofiirira chotalika kuposa kilomita, chimene chimameza mzinda wonse n'kusandutsa masana mdima. Chimphepo chafumbichi amachitcha haboob, ndipo cha pa 5 Julayi 2011 chimakumbukiridwabe chifukwa cha kukula kwake. Pambuyo pake pamabwera ziphaliwali, mabingu, kenaka mvula yamphamvu imene imatha kutsitsa kutentha ndi madigiri 10 kapena kuposa m'mphindi zochepa.

Anthu sathawira m'nyumba. Amatuluka kukaima pakhonde, ana amathamanga m'madzi oyenda mumsewu, ndipo m'maofesi antchito amasiya makompyuta n'kukaunjikana pawindo. Chimene amachitchula kwambiri ndi fungo. M'chipululuchi muli chitsamba chotchedwa creosote, chimene masamba ake ali ndi utomoni wowateteza kuti asaume. Madzi akagwera pa masambawo utomoniwo umatulutsa fungo lakuthwa, lokoma, limene mphepo imalifikitsa m'tauni mvula isanafike n'komwe. Kwa munthu wokulira ku Arizona limeneli ndilo fungo la mvula. Ena amapachika kanthambi ka chitsambachi m'bafa kuti nthunzi ya madzi otentha izidzutsa fungolo, ndipo osamukira kutali amatumiziridwa timanthambi ndi abale awo.

Mvulayi ili ndi ukali wake. Nthaka youma siimwa madzi msanga, choncho makwawa amene amakhala ouma chaka chonse amadzaza mwadzidzidzi n'kukokolola galimoto. Arizona ili ndi lamulo lakuti woyendetsa galimoto amene walambalala chotchinga n'kulowa mumsewu wosefukira akhoza kulipiritsidwa ndalama zomupulumutsira.

Madzi pakati pa ludzu

Mzindawu ulipo chifukwa cha ngalande. Anthu akale amene akatswiri amawatcha Hohokam anakumba ngalande za makilomita mazanamazana ndi mitengo yosongoka ndi miyala, n'kumathirira chimanga, nyemba, maungu ndi thonje kwa zaka mazana ambiri, mpaka cha m'ma 1450. A mtundu wa Akimel O'odham, amene amakhala moyandikana ndi mzindawu, amawatenga anthu amenewo ngati makolo awo. Cha mu 1867 Jack Swilling ndi anzake anafukulanso zina mwa ngalande zakalezo, ndipo mudzi umene unamera pamenepo ndiwo Phoenix. Damu la Roosevelt linamalizidwa mu 1911 kuti lizisunga madzi ochokera kumapiri. Pambuyo pake kunakumbidwa ngalande ya Central Arizona Project, ya makilomita pafupifupi 540, yotenga madzi ku mtsinje wa Colorado, ndipo madzi ake anafika ku Phoenix mu 1985.

Ngalande za bungwe la Salt River Project zimadutsa pakati pa nyumba, ndipo m'mphepete mwake ndimo anthu amathamanga ndi kupalasa njinga kutali ndi galimoto. M'madera akale monga Arcadia, amene poyamba anali minda ya malalanje, mabwalo a nyumba ali ndi timizere tadothi m'mbali. Pakapita masabata awiri m'chilimwe, madzi a m'ngalande amatsegulidwa n'kudzaza bwalo lonse mpaka mu akakolo. Woyang'anira zitseko za madzi amatchedwa zanjero, dzina la Chisipanishi lochokera m'masiku a ulimi. Madera amenewa ali ndi mitengo italiitali ndipo ndi ozizirirapo kuposa ena. Malalanje, mandimu ndi manyumwa zimapsa m'nyengo yozizira, zochuluka moti anthu amaziika m'mabokosi panja pa geti kuti wodutsa atengeko. Mu Malichi mitengoyi ikachita maluwa, fungo lake limadzaza misewu usiku wonse.

Kum'mawa kwa mzinda, kumene mtsinje wa Salt umayendabe, achinyamata amakhala pa machubu a matayala n'kumatsetsereka ndi madzi ozizira ochokera pansi pa damu, akudutsa mahatchi am'tchire amene amamwa m'mphepete. Nyanja zopangidwa ndi madamu monga Saguaro, Canyon ndi Pleasant zimadzaza maboti Loweruka ndi Lamlungu. Wofuna kuthawa kutentha kotheratu amakwera msewu wa Interstate 17. Pa maola awiri amafika ku Flagstaff, tauni ya pamtunda wa mamita 2,100, pakati pa nkhalango ya paini, kumene mu Julayi masana kumangofika cha m'ma 28. M'nyengo yozizira ana a ku Phoenix amapita komweko kukaona chipale chofewa, n'kubwerera madzulo kukagona kofunda. Miyala yofiira ya ku Sedona ili panjira yomweyo, Grand Canyon ili patsogolo pake, ndipo gombe la Puerto Peñasco ku Mexico lili pa ulendo wa maola anayi kulowera kum'mwera.

Mzinda weniweniwo ndi wosavuta kuyendamo. Misewu ikuluikulu inalembedwa mowongoka, yotalikirana makilomita 1.6, ndipo msewu wa Central Avenue umagawa tauni pakati. Ntchito zilipo: kampani ya Motorola inafika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, Intel ili ndi mafakitale ku Chandler, TSMC ya ku Taiwan yamanga ake kumpoto kwa mzinda, ndipo Arizona State University ku Tempe ndi imodzi mwa mayunivesite aakulu m'dzikolo. Kwa zaka zambiri nyumba zinali zotsika mtengo poyerekeza ndi ku California, ngakhale kuti kuyambira cha mu 2020 mitengo yakwera kwambiri. Anthu oposa 40 pa 100 alionse mumzindawu ndi a chiyambi cha ku Mexico ndi mayiko ena olankhula Chisipanishi, ndipo zakudya za ku Sonora, ku Mexico, ndizo za tsiku ndi tsiku: nyama yootcha ya carne asada yokulungidwa mu tortilla wa ufa wa tirigu, ndi raspado, ayezi wopalapala wothira zipatso, amene amagulitsidwa kwambiri usiku wa chilimwe. Heard Museum, imene inatsegulidwa mu 1929, imasunga luso la mitundu ya eni nthaka.

Mtengo wake

Zokoma zonsezi zatsamira pa zinthu ziwiri, madzi ndi magetsi, ndipo zonse ziwiri zili pa mayeso. Mtsinje wa Colorado waphwa chifukwa cha chilala cha zaka zoposa 20 ndi kuchuluka kwa otunga. Mu 2021 boma la United States linalengeza koyamba kuti madzi aperewera, ndipo chaka chotsatira Arizona inataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a madzi amene inkalandira ku mtsinjewo. Alimi ndiwo anayamba kumva kuwawa. Mzinda wakhala ukukonzekera kwa nthawi yaitali: lamulo la 1980 linaika malire pa kapopedwe ka madzi apansi panthaka, mabanja ambiri anazula kapinga n'kuyala timiyala ndi kubzala zomera za m'chipululu, ndipo malo opangira magetsi a nyukiliya a Palo Verde, kumadzulo kwa mzinda, amaziziritsidwa ndi madzi otayidwa a m'matauni atayeretsedwa.

Vuto lopweteka kwambiri ndi la anthu amene chilimwe chimawapeza opanda pobisala. Konkire ndi phula zimasunga kutentha kwa masana n'kumakutulutsa usiku, moti masiku ena kumacha kusanatsike pa madigiri 32. Pa 19 Julayi 2023 kutentha kotsikitsitsa kwa tsiku lonse kunali madigiri 36. Munthu akagwa pa msewu wa phula masana amapsa khungu ngati wagwera pamoto. Madera a anthu osauka, makamaka kum'mwera ndi kumadzulo kwa mzinda, ali ndi mitengo yochepa ndipo amatentha kuposa a anthu olemera. Bilu ya magetsi ya mu Julayi imasautsa mabanja ambiri, ndipo nkhalamba yokhala yokha makina oziziritsa akawonongeka imakhala pa ngozi ya moyo. Mu 2023 boma la Maricopa, limene Phoenix ili mkati mwake, linawerenga anthu 645 omwalira ndi zifukwa zokhudza kutentha. Ambiri anafera panja, ndipo gawo lalikulu linali la anthu osowa pokhala. Imfa zoterezi n'zopeweka, chifukwa chofunika ndi mthunzi, madzi ndi chipinda chozizira, zinthu zimene mzindawu uli nazo zambiri.

Mu 2021 khonsolo ya Phoenix inakhazikitsa ofesi yapadera yolimbana ndi kutentha, yoyamba ya mtundu wake yoyendetsedwa ndi ndalama za boma m'dzikolo. Ntchito yake ndi kubzala mitengo m'madera opanda mthunzi, kupaka misewu ina utoto wowala kuti isamamwe dzuwa, ndi kutsegula malo ozizira opumirako anthu. Masiku amene a zanyengo achenjeza za kutentha koopsa, njira zokwerera mapiri a Camelback ndi Piestewa zimatsekedwa masana. Mu 2024 mzindawu unatsegula malo opumirako osatseka usana ndi usiku. Chaka chimenecho kunadutsa masiku 113 otsatizana kukutentha pafupifupi madigiri 38 kapena kuposa, ndipo chiwerengero cha omwalira chinatsikako pang'ono koma chinakhalabe choposa 600.